Pleya ya ma CD ikamadumpha, ikamakana chimbale kapena ikamalira moipa

Mapleya a ma CD a mtengo wapakati, onga Marantz CD6007, Cambridge Audio AXC35, Yamaha CD-S303, Denon DCD-600NE ndi NAD C 538, amasiyana mayina ndi maonekedwe, koma mukawatsegula mupeza zinthu zofanana. Muli thireyi yolandira chimbale, mota yozungulitsa chimbalecho, mota ina yokankha diso la laser pa kanjanji, gawo la servo loonetsetsa kuti disolo lisaphonye mzere, chipu cha DAC chosandutsa manambala kukhala mawu, ndi gawo la magetsi. Ogulitsa amakonda kutamanda DAC, koma DAC siifa wamba. Zimene zimatha ndi zimene zimayenda: lamba, girizi, mota ndi laser. Ndipo mawu akaipa, kawirikawiri cholakwika chimakhala kunja kwa pleya, pa waya, pa ampulifaya kapena pa chimbale chenichenicho. N'chifukwa chake kufufuza kuyambe ndi zosalira ndalama, kugula zipangizo kubwere pomaliza.

Yambani ndi chimbale

Tengani zimbale zitatu: chakufakitale chosakalika, chobena pa kompyuta, ndi china chachitali chopitirira mphindi 70. Ziimbeni zonse, muzilemba mphindi yomwe vuto likuchitikira. Ngati chikudumpha n'chimodzi chokha, pleya ilibe mlandu.

Laser imawerenga kuchokera pansi, kudutsa pulasitiki wokhuthala mamilimita 1.2, ndipo imayambira m'kati pafupi ndi bowo n'kumapita kunja. Nyimbo zonse zili pa mzere umodzi wozungulira. Njira yokonza zolakwika yomwe Philips ndi Sony anaika mu CD imatha kubwezeretsa ndendende zomwe zabisika pa mtunda wa mamilimita pafupifupi 2.4 motsatira mzerewo. Kukalika kochokera pakati kupita kunja kumangodula mzere pang'ono pa kuzungulira kulikonse, ndiye pleya siikumva n'komwe. Kukalika kozungulira, kotsata mzere, kumabisa gawo lalitali nthawi imodzi, servo n'kusochera. Choncho popukuta chimbale, yambani pakati kupita kunja ndi kansalu kofewa, osapukuta mozungulira. Chikakhala ndi mafuta a zala, chitsukeni ndi madzi ofunda ndi dontho la sopo wamadzi wotsukira mbale, chiume bwino.

Mbali yolembedwa ndiyo yosalimba, ngakhale anthu ambiri amasamala yonyezimira yokha. Kachitsulo konyamula nyimbo kali pansi penipeni pa utoto wa zilembo. Lozetsani chimbale ku babu: mukaona timabowo todutsa kuwala, nyimbo za pamenepo zinapita ndipo palibe kupukuta komwe kungazibweze. Pa zimbale za pa kaunjika zochokera ku Britain onaninso mtundu. Zina zomwe zinapangidwa ku fakitale ya PDO ku Blackburn pakati pa 1988 ndi 1993 zimasanduka zofiirira kuyambira m'mphepete, ndipo nyimbo zomaliza ndizo zimayamba kuthetheka.

Zimbale zobena zili ndi nkhani yakeyake. CD-R imabweza kuwala kocheperapo poyerekeza ndi yakufakitale, ndiye laser yomwe yayamba kutopa imayamba kukana zimenezi ikadali kuwerenga zinazo bwinobwino. Ichi ndi chizindikiro choyamba cha ukalamba wa laser. CD-RW, yotha kufufutidwa n'kubenedwanso, imabweza kuwala kwa pakati pa 15 ndi 25 peresenti chabe, moti mapleya ambiri akale saiwerenga ngakhale ali abwino. Kenako pali zolakwika za wobena: ngati anangokopera mafayilo a MP3 m'malo mosankha Audio CD, pleya yosadziwa MP3 ikana kapena iwerenga mphindi popanda mawu, ngati sanatseke chimbale pomaliza kubena, pleya siipeza mndandanda wa nyimbo. Mapepala omata pa chimbale amachipendeketsa pozungulira, asiyeni, lembani ndi cholembera chofewa.

Ikalemba NO DISC

Pleya ikachokera pozizira kupita pofunda, kapena m'mawa wa chiperoni mu June ndi July, diso limatha kuchita nthunzi. Chotsani chimbale, isiyeni yoyaka kwa ola limodzi, muyesenso. Ikakanabe, zulani pulagi, masulani chivundikiro, kenako bwezerani magetsi manja anu ali kutali ndi thiransifoma, switchi ndi fyuzi, pomwe pamadutsa mavoti 230. Diso musaliyang'ane molunjika kuchokera pamwamba. Kuwala kwake ndi kwa infrared kwa mananomita 780, maso amangoona kadontho kofiira kofooka pomwe mphamvu yake ndi yoposa mmene ikuonekera. Yang'anani cham'mbali muli patali masentimita 30, kapena onerani pa kamera ya foni.

Tsekani thireyi popanda chimbale muone dongosolo lake. Pleya yabwino imabweza diso m'kati mpaka ligunde kaswitchi komalizira, imayatsa laser, kenako diso limakwera ndi kutsika kawiri kapena katatu kufunafuna chimbale. Pamene dongosololi laimira ndi pamene pali vuto.

Ngati diso silikukwera ndipo laser siikuyaka, musathamangire kunena kuti laser yafa. Nthawi zambiri kaswitchi komalizira kachita dzimbiri, ndiye pleya siikudziwa kuti diso lafika poyambira. Mukamva magiya akugogoda kwa masekondi angapo, ndi kameneko. Kapopereni mankhwala otsukira maswitchi. Chachiwiri ndi waya wopyapyala wonga riboni wochokera ku diso kupita pa bolodi: umasukeni, onani ngati mano ake sanakwinyike kapena kuthyoka popindika, mubwezeretse mowongoka.

Ngati diso likukwera ndi kutsika koma chimbale mukachiika sichizungulira, ndiye kuti kuwala sikukubwerera kokwanira. Apa ndi diso lakuda kapena laser yofooka. Komabe yesani kukankha chimbale pang'ono ndi chala nthawi yomwe diso likufunafuna. Chikanyamuka n'kuimba, vuto ndi mota yozungulitsa, yomwe m'mapleya ambiri ndi kamota ka Mabuchi ka mtundu wa RF-300 kapena RF-310 komwe maburashi ake adyeka. Chimbale chikazungulira masekondi ochepa n'kuima, kapena chikathamanga mopenga, diso lachipeza koma likulephera kuwerenga mndandanda wa nyimbo womwe uli m'kati mwenimweni.

Kutsuka diso kumathetsa milandu yambiri yotere, makamaka m'nyumba za m'mbali mwa msewu wafumbi kapena momwe mumalowa utsi wa mbaula ndi wa fodya. Zulani pulagi. Yambani ndi kupemerera fumbi ndi kapampu ka labala, osati pakamwa, chifukwa malovu amasiya madontho. Nyowetsani pang'ono kamtengo ka thonje ndi isopropyl alcohol wa 90 peresenti kapena kuposa, gudubuzani pa diso mopepuka, muumitse ndi mbali youma. Diso limalendewera pa tiwaya tosalimba, mukalisindikiza lipendama mpaka kalekale. Magalasi ambiri a maso amenewa ndi apulasitiki, choncho thina, petulo ndi mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo amawasungunula, ndipo sipiriti wa papo amasiya utoto. Zimbale zotsukira zokhala ndi timaburashi zimangosuntha fumbi louma, mafuta a utsi sizichotsa.

Pa mutu wa laser, chigawo chonyamula disolo, pali kogudubuza kakang'ono kosinthira mphamvu. Amisiri ena amakapotoza kuti pleya iwerengenso, mwini wake n'kusangalala kwa masabata ochepa, laser n'kupseratu. Kameneko kamasinthidwa poyang'ana chizindikiro cha RF chochokera ku diso pa oscilloscope, makina oonetsa mafunde a magetsi. Pa mitu yambiri ya Sony chizindikirocho chimayenera kukhala chapafupi ndi mavoti 1.2 kuchokera pansi kufika pamwamba, ndipo mulingo weniweni umalembedwa m'buku la amisiri la pleyayo. Wopanda chipangizo chimenechi asakakhudze.

Zonsezi zikakanika, sinthani mutu wonse. Nambala yake imalembedwa pa kapepala kapena pa pulasitiki pambali pake. Yofala ndi Sony KSS-213C ndi KSS-210A, Sanyo SF-P101N, ndi Philips CDM12.1 yomwe imalowedwa m'malo ndi VAM1202. Pa SF-P101N werengani mano a riboni musanaitanitse, chifukwa ilipo ya mano 15 ndi ya mano 16 ndipo sizilowana. Cholakwika chomwe chimabwerezedwa chaka ndi chaka n'chakuti mutu watsopano umabwera ndi kadontho ka sowuda kolumikiza malo awiri, koteteza laser ku magetsi a m'thupi pa ulendo. Mukapanda kukasungunula, laser siyaka, inu n'kumati mwagulitsidwa chakufa. Lumikizani riboni kaye, gwirani chitsulo cha pleya kuti magetsi a m'thupi achoke, kenako chotsani kadonthoko ndi chowotcherera chomwe mwangochizula ku magetsi. Dziwaninso kuti mitu yambiri yomwe ikugulitsidwa masiku ano pa mayina akalewa ndi yokopera, ina imagwira bwino, ina imafika yofooka kale. Pogula pa intaneti n'kwanzeru kutenga iwiri, ndipo yobwera pamodzi ndi mamota ake imakupulumutsani ku ntchito yovuta yoika kutalika kwa kambale kokhalapo chimbale.

Kudumpha: malo ake amaulula chifukwa

Chimbale chimazungulira pafupifupi ka 500 pa mphindi diso likakhala m'kati, n'kumatsika mpaka pafupifupi ka 200 likafika kunja. Kudumpha kwa pa nyimbo zoyambirira, komwe kumatha mukafika pakati, kumaloza ku mota yozungulitsa yomwe ikulephera liwiro lalikulu. Kudumpha kwa pa nyimbo zomaliza zokha kumaloza ku chimbale chopindika, chifukwa m'mphepete ndimo mumavina kwambiri, kapena ku riboni yomwe imakokeka diso likafika kunja, kapena ku kanjanji komwe kumapeto kwake girizi anauma poti diso silifikako kawirikawiri. Apa ndi pomwe chimbale cha mphindi 70 chija chimathandiza.

Pleya ikamadumpha pa mphindi yofanana pa zimbale zosiyanasiyana, mwachitsanzo nthawi zonse chapafupi ndi mphindi 20, musakayikire laser. Pali chotchinga pa kanjanji kapena dzino la giya lathyoka. Mota yokankha imadikira diso lipendekere kumapeto kwa malire ake, kenako imasuntha mutu wonse pang'ono. Girizi akalimba, mutu umakana kusuntha, mphamvu imachuluka, kenako umalumpha mopitirira. Mumamva nyimbo ikubwereza kachigawo kamodzi kenako n'kulumphira kutsogolo. Pukutani girizi yense wakale pa kanjanji ndi pa magiya ndi alcohol yemwe uja, pakani watsopano woyera wa lithium kapena wa silicone wosadya pulasitiki, wochuluka ngati njere ya mpunga basi, kenako yendetsani mutu uku ndi uku pozungulitsa giya ndi chala. Mafuta ophikira, oyilo wa galimoto ndi WD-40 ayi: amayenderera mpaka pa diso ndipo amaitana fumbi.

Kudumpha koyamba pleya ikatentha, patatha theka la ola, kumachokera ku laser yotopa, ku chipu choyendetsa mamota chomwe sowuda wake wang'ambika, kapena ku makapasita ouma a gawo la magetsi. Onaninso pomwe mwaiika. Pleya yokhala pamwamba pa ampulifaya imaphikidwa ndi kutentha kotuluka m'mabowo. Yokhala pa shelefu imodzi ndi masipika imadumpha besi ikagunda, ndipo zimenezi si matenda, ingoisunthani.

Thireyi yokana kutuluka

Chizindikiro chodziwika bwino n'chakuti thireyi imatuluka mukakhala chimbale, koma imakana mukakhala mopanda kanthu. Chopanikiza chimbale chili ndi maginito. Popanda chimbale pakati, maginitoyo amagwira chitsulo mwamphamvu, lamba wotanuka n'kumangoterereka pa pule. Mumva mota ikulira koma palibe chikuyenda. Chotsani lamba, mupindeni pawiri, yezani utali wake, mugule wocheperapo ndi pafupifupi 5 peresenti, wa makona anayi, wokhuthala mofanana ndi wakaleyo, kawirikawiri pakati pa milimita 1 ndi 1.5. Wothina kwambiri amadya mota. Tsukani mapule onse awiri musanamuike. Kuviika lamba wakale m'madzi otentha kumathandiza masiku ochepa chabe, ndipo labala womangira ndalama amasungunuka n'kumata pa pule. Thireyi yotuluka n'kubwerera yokha ndi kaswitchi kodziwitsa kuti yafika, katsukeni. Musaikoke mwamphamvu, mano a magiya ake ndi apulasitiki.

Ikuwerenga bwino koma mawu ndi oipa

Mawu ophwanyika, okwera kwambiri ndi besi yosefukira: onani kumbuyo kwa ampulifaya ngati simunalowetse pa PHONO. Pleya ya CD imatulutsa mavoti pafupifupi 2, pomwe PHONO imayembekezera mamilivoti ochepa a singano ya galamafoni ndipo imakweza besi dala. Lowetsani pa CD, AUX kapena TUNER.

Kung'ung'udza kwapansi kosalekeza ndi kwa 50 Hz, kwa magetsi a m'khoma. Zulani zonse pa ampulifaya kupatula pleya. Kukatha, bwezerani chimodzichimodzi. Wolakwa nthawi zambiri amakhala TV kapena dikoda, kudzera pa waya wa dishi kapena wa eliyo yemwe ali ndi njira yakeyake yopita ku nthaka. Lumikizani zipangizo zonse pa soketi imodzi, ndipo ngati ampulifaya ili ndi polowera pa OPTICAL, gwiritsani ntchito waya wa kuwala yemwe sadutsitsa magetsi. Kudula dzino la earth pa pulagi kuti phokoso lithe n'kuika moyo pachiswe. Kulira kokwererapo, kwa 100 Hz, komwe kumamvekanso pa mahedifoni olumikizidwa pa pleya penipeni, kumachokera ku makapasita akuluakulu a gawo la magetsi. Otupa pamwamba kapena otayikira asinthidwe ndi a mulingo womwewo wa mamicrofarad ndi mavoti ofanana kapena oposa. Ngati ikulira ndi thiransifoma yeniyeni osati masipika, ndipo zikuchitika pa inveta yokha, inveta yanu ndi ya modified sine wave. Zoimbira zimafuna ya pure sine wave.

Sipika imodzi ikakhala chete kapena ikamathetheka, sinthanitsani mawaya ofiira ndi oyera kumbuyo kwa ampulifaya. Vuto likakhalabe pa sipika yomweyo, fufuzani ampulifaya kapena sipikayo. Likasamukira ku inayo, yesani waya wina, ndipo likapitirira ndiye lili m'pleya. Poyambira ndi sowuda wong'ambika pa masoketi a RCA, olowetsamo mawaya ofiira ndi oyera aja, chifukwa cha kuzula ndi kulowetsa. Kenako matiransisita otseka mawu poyatsa ndi posintha nyimbo, onga 2SC2878. Akayamba kudontha amaphwanya mawu pa malo okwera okha, malo otsika n'kumamveka bwino. Mapleya ena ali ndi relay, kaswitchi koyendera magetsi, m'malo mwake, ndipo nayonso imada m'kati.

Dandaulo lovuta kwambiri ndi lakuti mawu ndi olasa m'makutu, kapena kuti pleya ya mnzanu imalira bwino kuposa yanu. Musanataye ndalama, yesani zinthu ziwiri. Choyamba ndi chimbale. Zimbale zambiri zojambulidwa kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1990 zinakwezedwa mawu mpaka nsonga zake kudulidwa, ndipo palibe pleya ingabwezeretse chomwe chinadulidwa ku situdiyo. Chimbale chobenedwa kuchokera ku MP3 ya 128 kbps chimakhalabe ndi mawu a MP3 ngakhale chikhale Audio CD, ndipo pafupifupi zonse za pamwamba pa 16 kHz zinatayidwa kale. Chachiwiri ndi mulingo. Khutu limakonda chokwera pang'ono n'kumati ndicho chomveka bwino. Pleya yotulutsa mavoti 2.3 imaposa ya mavoti 2.0 ndi madesibelo 1.2, kusiyana kokwanira kunyenga aliyense. Benani chimbale cha liwu limodzi la 400 Hz, yezani ndi mita pa AC kumbuyo kwa sipika voliyumu ili pansi, lembani pomwe voliyumu iyenera kukhala pa pleya iliyonse kuti mavoti afanane, kenako wina azisintha inu osaona. Kusiyana kwakukulu komwe munkamva kumachepa kwambiri, nthawi zina kumatheratu.

Pali kamsampha kena kwa ogwiritsa ntchito DAC yakunja. Zimbale zina za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, makamaka zopangidwa ku Japan, zinajambulidwa ndi pre-emphasis, kutanthauza kuti mawu apamwamba anakwezedwa mpaka madesibelo pafupifupi 10, ndipo pleya imawatsitsa yokha ikaona chizindikiro pa chimbale. Ma DAC ena akunja salabadira chizindikirocho. Chimbale chakale chikamalasa pa DAC yakunja koma n'kumamveka bwino pa RCA za pleya, chifukwa chake n'chimenecho. Pa waya wa COAXIAL gwiritsani ntchito wa ma ohm 75. Wachikasu wa vidiyo uja ndi woyenera.

Magetsi

Mapleya ambiri otere amafika kuno atagwiritsidwapo kale ntchito, ndiye werengani chikwangwani chakumbuyo musanalowetse pulagi. Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230 pa 50 Hz, ofanana ndi a ku Britain ndi ku South Africa. Ya ku Japan yolembedwa 100 V ndi ya ku America ya 120 V imapsa thiransifoma nthawi yomweyo. Adaputa yosintha mano a pulagi siitsitsa mavoti, pamafunika thiransifoma yotsitsa, ndipo ya mawati 50 imakwanira pleya yokha. Mu pulagi ya mano atatu ikani fyuzi ya 3 A, osati ya 13 A. Magetsi akathima zulani pulagi kapena ikani TV guard yochedwetsa kuyaka, chifukwa chomwe chimapha gawo la magetsi ndi kubwera kwake kwadzidzidzi.

Kukonza, kugula ina kapena kuwonjezera ndalama

Dzina la chipu cha DAC si muyezo wabwino wa mtengo. Marantz CD6007 inatuluka mu 2020 ndi chipu cha AK4490, ndipo fakitale ya AKM, kampani yopanga chipucho, ku Nobeoka ku Japan itapsa mu October chaka chomwecho, Marantz inasinthira ku chipu cha ESS, dzina la pleya osasintha. Ndalama zowonjezera pa pleya ya mtengo wapakati zimagula makamaka thireyi yolimba, thiransifoma yabata, gawo lotulutsa mawu lopangidwa mosamala, potulukira mahedifoni ndi masoketi a digito. Zimenezo n'zenizeni, koma ngati masipika ndi ofooka kapena apanikizidwa pakona, ndalamazo zipite kumeneko kaye. Ngati ampulifaya yanu ili kale ndi DAC, pleya iliyonse yowerenga bwino yokhala ndi OPTICAL kapena COAXIAL ikwanira. Chenjerani ndi Audiolab 6000CDT ndi Cambridge CXC: zimenezi zilibe DAC m'kati, ndiye pa ampulifaya ya RCA zokha sizilira.

Pa pleya yakale, funso loyamba likhale nambala ya mutu wa laser. Marantz CD63 ya zaka za m'ma 1990 imakonzeka chifukwa VAM1202 ikupezekabe, chimodzimodzi iliyonse ya KSS-213C. Ya mutu wosowa ngati Sony KSS-151A ikafa, mutuwo ungadule kuposa pleya yatsopano. Zoyendera pa makina owerengera a Philips CDM-4 zili ndi laser yokhalitsa kwambiri, chomwe chimaphwanyika ndi giya la thireyi, ndipo lolowa m'malo mwake limagulitsidwa.

Pogula ya pa kaunjika pitani ndi zimbale zitatu zija. Chakufakitale chiwerengedwe m'masekondi ochepa, chobena chisakanidwe, ndipo pa chachitali lumphani kuchokera pa nyimbo yoyamba kupita pa yomaliza n'kubwerera, mukumvetsera ngati mutu ukuyenda kamodzi kokha popanda kufunafuna. Tsegulani thireyi kangapo mulibe chimbale, gogodani chivundikiro pang'ono ikuimba, ndipo isiyeni iimbe kwa theka la ola kuti itenthe. Funsaninso za rimoti, chifukwa pa mapleya ena mabatani obwereza nyimbo ndi osankha ndondomeko ali pa rimoti pokha.